Makhadi Amphamvu pa Bwalo la Fuko Limodzi

Mwa mitundu yonse ya sewero la makhadi lotchedwa poker, umene unafala koposa pa dziko lapansi ndi Texas hold'em, umene nyumba ya malamulo ya ku Texas inavomereza mu 2007 kuti unabadwira m'tauni yaing'ono ya Robstown kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900, ndipo umene akatswiri a njuga a m'dera lomwelo anapita nawo ku Las Vegas m'zaka za m'ma 1960. Kumeneko, mu 1970, Benny Binion anaitana akatswiri owerengeka ku nyumba yake ya njuga yotchedwa Horseshoe, nayambitsa mpikisano wa World Series of Poker, umene ukuchitikabe chaka ndi chaka kufikira lero lino. Malamulo a seweroli ndi ochepa, kotero kuti munthu angathe kuwaphunzira madzulo amodzi. Koma nzeru yake njakuya, ndipo m'mutu uno tifuna kusanthula kachigawo kamodzi kokha ka nzeruyo, kamene kamasautsa ophunzira ndi akatswiri omwe, ndiko kuti: munthu amene wagwira makhadi amphamvu achite chiyani pamene makhadi a pakati pa tebulo ayamba kufanana fuko?

Paketi ili ndi makhadi 52, ogawika m'mafuko 4, ndiwo mitima, madayamondi, masipedi ndi makalabu, ndipo fuko lililonse lili ndi makhadi 13, kuyambira pa 2 kukwera kufikira pa 10, kenaka Jack, Queen, King, ndi Ace imene iposa onse. Wosewera aliyense amalandira makhadi awiri obisika, amene mwini yekha ndiye awaona. Ndipo pakati pa tebulo, pamene ife tidzatchula kuti pabwalo, wogawa amayala makhadi asanu poyera, a wina aliyense: poyamba atatu pamodzi, otchedwa flop, kenaka lachinayi, lotchedwa turn, ndi potsiriza lachisanu, lotchedwa river. Nthawi iliyonse imene makhadi agwa, munthu akhoza kubetcha, kuvomera ndalama imene mnzake wabetcha, kuikweza, kudutsa osaika kanthu ngati palibe amene wabetcha, kapena kutaya makhadi ake ndi kusiya zonse zimene anaika kale pamulu. Amene apirira kufikira kumapeto amaonetsa makhadi awo, ndipo mulu umapita kwa iye amene asanu ake abwino, osankhidwa mwa asanu ndi awiri, aposa a anzake. Peyala imodzi, ndiyo makhadi awiri ofanana nambala, imagonja kwa mapeyala awiri. Mapeyala awiri amagonja kwa makhadi atatu ofanana nambala, amene amatchedwa set ngati awiri a iwo ali m'manja mwa munthu. Atatuwo amagonja kwa straight, ndiwo asanu otsatizana. Straight imagonja kwa flush, ndiwo asanu a fuko limodzi. Ndipo flush imagonja kwa full house, ndiyo atatu ofanana pamodzi ndi peyala. Pamwamba pake patsala anayi ofanana ndi straight flush, ndiwo asanu otsatizana a fuko limodzi, zimene zimaoneka mwa apo ndi apo.

Popeza munthu ali ndi makhadi awiri okha m'manja, flush siingakhalepo pokhapokha pabwalo pataoneka makhadi atatu a fuko limodzi, ndipo lamulo limeneli, ngakhale lili lachidziwikire, ndilo phata la nkhani yathu yonse. Ma flop onse otheka alipo 22,100. Mwa iwo, 8,788, ndiwo pafupifupi 40 pa 100 alionse, ali ndi mafuko atatu osiyana. 12,168, ndiwo 55 pa 100, ali ndi makhadi awiri a fuko limodzi. Ndipo 1,144 okha, ndiwo 5 pa 100, ali ndi onse atatu a fuko limodzi. Chotero bwalo limene flush ikuyembekezeka koma isanafike ndilo la masiku onse, pamene bwalo limene flush ingakhale itafika kale pa flop ndi mlendo wobwera kamodzi pa maulendo 20. Ndipo chifukwa chakuti sabwerabwera, ambiri samudziwa khalidwe lake, namulandira ndi mtima wosokonezeka.

Pali zolakwa ziwiri zimene zimagwira munthu wa makhadi amphamvu pa bwalo lotere, ndipo zimachokera ku mbali zosiyana. Choyamba ndi mantha: ataona mitima itatu pabwalo, munthu amayesa kuti aliyense wokhala patebulo ali nayo iwiri m'manja, nadutsa pamene anayenera kubetcha, napatsa anzake khadi laulere limene lidzamuphe. Chachiwiri ndi liuma: munthu amene anadikira nthawi yaitali kuti alandire ma Ace awiri amawakonda monga mwana wobadwa yekha, ndipo ngakhale bwalo lifuule motani kuti zinthu zasintha, iye amatseka makutu, nathira ndalama zake zonse pamulu umene suli wake. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo palibe mkuyu wokongola pa poker woposa peyala yaikulu pa bwalo la fuko limodzi. Mankhwala a matenda awiriwa ndi amodzi, ndiwo kuwerenga, pakuti wamantha ndi waliuma onse awiri amasewera ndi zimene mtima ukuwauza, osati ndi zimene zatsala m'paketi.

Tiyeni tsono tiwerenge. Tinene kuti flop yagwa King, 9 ndi 4, onse a mitima, ndipo inu mulibe mtima m'manja. Makhadi amene simunawaone ndi 47, ndipo mwa iwo 10 ndi mitima. Mnzanu akhoza kukhala ndi makhadi awiri m'njira 1,081. Mwa njirazi, 45 zokha ndizo zili ndi mitima iwiri, 370 zili ndi mtima umodzi, ndipo 666 zilibe mtima ngakhale umodzi. Kunena kwina, flush imene mukuiopayo ilipo maulendo 4 pa 100, pamene munthu wogwira mtima umodzi, woyembekezera wachinayi pabwalo, alipo maulendo 34. Nzoona kuti osewera amakonda kulowa m'sewero ndi makhadi a fuko limodzi nataya osiyana fuko, kotero kuti nambala yeniyeni imakwera kuposa 4. Nzoonanso kuti ngati anzanu otsala ali asanu, mwayi wakuti mmodzi wa iwo ali ndi flush umayandikira kamodzi pa kasanu. Komabe pamene mwatsala awiri okha, amene angathe kukupitirirani mawa ndi ochuluka kwambiri kuposa amene akupitirirani kale lero, ndipo amenewo ndiwo ayenera kulipira.

Pa bwalo la makhadi awiri a fuko limodzi nkhani njosavuta, ndipo sitichedwapo. Wogwira awiri a fukolo m'manja ali ndi makhadi 9 omupulumutsa mwa 47, choncho amapeza flush pa turn maulendo 19 pa 100, ndipo akaloledwa kuona turn ndi river yomwe, maulendo 35. Ngati pamulu pali madola 100, inu n'kubetcha 50, iye ayenera kuika 50 kuti apate 150, ndipo malonda otere amamupindulira pokhapokha akamapambana kamodzi pa kanayi, ndiwo maulendo 25 pa 100. Koma iye ali ndi 19 okha pa khadi likudzalo. Mukabetcha 100 pa mulu wa 100, afunika maulendo 33. Tsono wogwira set, kapena mapeyala awiri, kapena peyala yoposa makhadi onse a pabwalo, abetche ndithu, theka la mulu kapena kupitirira, pakuti flush kulibe ndipo amene akuiyembekezera akugula pa mtengo wokwera. David Sklansky, m'buku lake lotchedwa The Theory of Poker, anaphunzitsa kuti phindu la wosewera limachokera pa nthawi zimene mnzake achita zosiyana ndi zimene akanachita akanakhala kuti akuona makhadi onse. Ndipo kudutsa ndi makhadi amphamvu pa bwalo lotere ndiko kuchotsera mnzanu mpata wolakwa.

Koma pali msampha umene masamu a pamwambawa saonetsa, ndipo ndiwo umadya ndalama za anthu ambiri. Woyembekezera flush samalipira madola 50 aja chifukwa cha 150 zimene zili pamulu zokha ayi. Amalipira chifukwa akudziwa kuti flush ikafika, inu mudzamupatsanso 200 kapena 300 pa turn ndi pa river, chifukwa simudzafuna kukhulupirira. Ngati mutero, ndiye kuti malonda ake anali abwino kuyambira pachiyambi, ndipo wolakwa ndinu. Kubetcha kwanu kwa pa flop kumasanduka chilango kwa iye pokhapokha ngati mungathe kugwira dzanja lanu pamene khadi lachitatu la fukolo lagwa ndipo iye, amene anali chete, wayamba mwadzidzidzi kukweza.

Tibwerere ku bwalo lathu la King, 9 ndi 4 a mitima, pakuti pano ndipo pali zambiri zoti tione. Makhadi amene tonse timawatcha amphamvu sali ofanana pa bwalo limeneli, ndipo chimene chimawasiyanitsa si ukulu wawo wa lero, koma khomo lothawira limene ali nalo ngati apezeka kuti agonja. Wogwira ma 9 awiri ali ndi set. Akakumana ndi munthu wa Ace ya mitima yokha, amapambana kupitirira pang'ono maulendo 7 pa 10. Akakumana ndi flush yeniyeni sanafe ayi, chifukwa pa turn ali ndi makhadi 7 omupatsa full house kapena anayi ofanana, ndiwo ma King atatu, ma 4 atatu ndi 9 yotsala, ndipo akaphonya pamenepo amakhala nawo pafupifupi 10 pa river. Zonse pamodzi, amapulumuka kamodzi pa katatu. Munthu wotere angathe kubetcha ndi mtima wokhazikika, ndipo ngakhale akwezedwe, kawirikawiri ali ndi chifukwa chovomerera. Wogwira King ndi 9, ndiwo mapeyala awiri, ali ndi makhadi 4 okha omupulumutsa kwa flush, ndipo amapulumuka maulendo 17 pa 100, theka la mwayi wa set.

Nanga ma Ace awiri, amene flop isanagwe aposa makhadi ena onse? Akakhala a masipedi ndi makalabu, ndipo mnzanu ali ndi flush, chiyembekezo chanu chili pa maulendo 3 okha pa 100, chifukwa mufunika kuti turn ndi river zonse ziwiri zikukomereni. Koma imodzi ya ma Ace amenewo ikakhala ya mitima, mtima wina uliwonse wogwa pabwalo umakupatsani flush yoposa yake, ndipo chiyembekezo chanu chimakwera kufika pafupifupi maulendo 30 pa 100. Taonani kusiyana kumene khadi limodzi lichita: makhadi a dzina limodzi, pa bwalo limodzi, polimbana ndi munthu mmodzi, ena ali ndi moyo kakhumi kuposa anzawo. Ndiponso Ace ya mitima ikakhala m'manja mwanu, siingakhale m'manja mwa wina. Njira 45 zija zokhalira ndi flush zimatsika kufika pa 36, ndipo zimene zachokazo ndizo zoopsa koposa, zimene mwini wake sakanaopa kanthu. Nyakwawa imene m'mudzi mwake anthu amaiombera m'manja, ikafika pabwalo la mfumu yaikulu imakhala pansi pamodzi ndi anthu wamba, ndipo siichita manyazi potero. Momwemonso ma Ace akuda pa bwalo la mitima akadali ndi ulemu wawo, koma sayenera kulankhula mokweza.

Funso lotsatira ndi la muyeso: kubetcha zingati? Apa nzeru ya makolo a seweroli ndi nzeru ya masiku ano zimasiyana pang'ono, ndipo ine ndikuona kuti ya masiku ano ndiyo yolondola. Kale ambiri ankati pa bwalo la fuko limodzi munthu abetche kwambiri kuti athamangitse oyembekezera. Koma lingalirani amene amatsala mukabetcha mulu wonse kapena kupitirira. Wopanda mtima ndi wopanda peyala amataya, komatu iye akanataya ngakhale mukanabetcha pang'ono. Wa peyala yaing'ono, amene munafuna kuti akulipireni, amatayanso. Amatsala ndi wa flush, wa set, ndi wa Ace ya mitima, kotero kuti ndalama zanu zambiri zimalowa pamulu pa nthawi yokhayo imene muli pa mavuto. Mukabetcha gawo limodzi mwa magawo atatu a mulu, wa peyala yaing'ono amavomera, wa mtima umodzi waung'ono amavomera, ndipo ngakhale woyembekezera weniweni sapindula, chifukwa mtengo wotere ufuna maulendo 20 pa 100 pamene iye ali ndi 19 kapena 20. Mukakwezedwa, mwataya zochepa. Kuyambira pamene John von Neumann ndi Oskar Morgenstern anasanthula poker ndi masamu m'buku lawo la mu 1944, akatswiri akhala akufunafuna kasewerede kamene mdani sangakapezere chilema, ndipo mu January 2017 pulogalamu ya pakompyuta yotchedwa Libratus, yopangidwa ndi Tuomas Sandholm ndi Noam Brown a ku Carnegie Mellon University, inagonjetsa akatswiri anayi mumzinda wa Pittsburgh pa masewero 120,000. Mapulogalamu owerengera amene osewera amaphunzirira masiku ano amagwirizana pa mfundo iyi, kuti pa flop ya fuko limodzi munthu adutse kawirikawiri, ndipo akabetcha abetche pang'ono.

Tisaiwale munthu amene flush ili m'manja mwake, pakuti nayenso ali ndi mayeso ake. Wogwira 6 ndi 5 a mitima pa bwalo lija aposa pafupifupi aliyense, koma ulemerero wake ngwa kanthawi: m'paketi mwatsala mitima 8, ndipo umodzi wa iyo umagwa pa turn kapena pa river pafupifupi maulendo 31 pa 100, ndipo ukagwa, aliyense wogwira mtima umodzi woposa 6 wamupitirira. Iyeyu asabise mphamvu zake. Abetche, ndipo akabetcheredwa akweze, nthawi idakalipo. Wogwira Ace ndi Queen a mitima ali pamwamba pa onse, ndipo chiyeso chake ndi kubisala, kudutsa mwakachetechete kuti ena agwe m'mbuna. Nthawi zina kutero kuli bwino, makamaka polimbana ndi munthu wokonda kuopseza, ndiko kubetcha ndi makhadi ofooka kuti ena ataye awo. Koma akumbukire kuti mtima wachinayi ukagwa, wa set ndi wa mapeyala awiri, amene akanalipira mokondwa pa flop, adzatseka matumba awo, ndipo bwalo likagwa peyala, yemwe uja wa set adzakhala ndi full house. Ndalama ya flush yaikulu imapezeka pamene ena akadali ndi chiyembekezo, ndipo chiyembekezo chimenecho chimachepa ndi khadi lililonse logwa.

Khadi lachinayi la fuko limodzi likagwa pabwalo, sewero limasanduka lina ndithu, pakuti tsopano khadi limodzi lokha m'manja likwanira. Kwa inu amene mulibe mtima, zimenezi zimachitika pa turn kapena pa river maulendo 38 pa 100 kuchokera pa flop ija. Zikachitika pa turn, mnzanu mmodzi wa makhadi osadziwika ali ndi flush maulendo 36 pa 100, anzanu awiri pafupifupi 60. Ndipo popeza amene anavomera kubetcha kwanu kwa pa flop anavomera kawirikawiri chifukwa cha mtima womwewo, nambala zenizeni nzoposa pamenepa. Apa ma Ace akuda ndi mapeyala awiri atha ntchito, ndipo chowatsalira ndi kudutsa, kuti mwina afike kumapeto osalipira. Set yokha ndiyo ili ndi chonena, chifukwa makhadi ake 10 mwa 46 amaipulumutsa maulendo 22 pa 100, ndipo ingavomere ndalama yaing'ono, koma osati yaikulu. Owerenga amene adzakumane ndi mtundu wina wa poker wotchedwa Omaha achenjere pano: kumeneko munthu amalandira makhadi anayi, koma lamulo limamukakamiza kugwiritsa ntchito awiri enieni a m'manja ndi atatu a pabwalo, kotero kuti mtima umodzi m'manja si flush ngakhale pabwalo patakhala inayi.

Malo amene munthu wakhala alinso ndi mphamvu pa zonsezi. Womaliza kulankhula amaona zimene mnzake wachita asanasankhe, choncho angathe kudutsa pa turn yoopsa nafika ku river ndi mulu waung'ono. Woyamba kulankhula amayenda mumdima, ndipo ayenera kudutsa kawirikawiri, ngakhale ndi makhadi abwino, kuti kudutsa kwake kusakhale chizindikiro chakuti alibe kanthu.

Palibe chitsanzo chodziwika bwino cha nkhani yathuyi choposa chimene chinachitika ku Horseshoe mu 2003, pamene anthu 839 analowa mpikisano waukulu wa World Series of Poker, wolowera madola 10,000, natsala awiri: Sam Farha, katswiri wa zaka zambiri wobadwira ku Lebanon, ndi Chris Moneymaker, wowerengera ndalama wa ku Tennessee, amene anapata mpando wake popambana mpikisano waung'ono wa pa intaneti. Makamera a wailesi yakanema ya ESPN ankajambula makhadi obisika, ndipo nchifukwa chake dziko lonse lidziwa zimene aliyense anagwira. Farha anali ndi Queen ya masipedi ndi 9 ya mitima. Moneymaker anali ndi King ya masipedi ndi 7 ya mitima. Flop inagwa 9 ya masipedi, 2 ya madayamondi ndi 6 ya masipedi, kotero kuti Farha anali ndi peyala ya pamwamba ndipo Moneymaker analibe kanthu; onse awiri anadutsa. Turn inagwa 8 ya masipedi, khadi lachitatu la fukolo. Farha anabetcha tindalama ta pampikisano tokwana 300,000, Moneymaker anakweza kufika pa 800,000, ndipo Farha anavomera. River inagwa 3 ya mitima, imene sinathandize aliyense. Farha anadutsa, Moneymaker anakankha zonse zimene anali nazo, ndipo Farha, atasinkhasinkha nthawi yaitali, anataya makhadi amene anali opambana. Posakhalitsa Moneymaker anatenga ukatswiri pamodzi ndi madola 2.5 miliyoni.

Anthu amakumbukira kuopseza kwa pa river, koma ine ndikuona kuti mlanduwo unayambira pa flop. Pamenepo Farha anali ndi makhadi abwino pa bwalo la masipedi awiri, bwalo lenileni lobetchapo, ndipo mnzake analibe choti n'kuvomerera. Podutsa, anamuonetsa 8 ya masipedi kwaulere. Khadi limenelo linasandutsa munthu wopanda kanthu kukhala munthu wa makomo ambiri, pakuti tsopano masipedi 8 otsala akanamupatsa flush yoposa ya Farha, ma 5 atatu ndi ma 10 atatu a mafuko ena akanamupatsa straight, ndipo ma King atatu akanamupatsa peyala yoposa ya 9: makhadi 17 mwa 44, pafupifupi maulendo 39 pa 100. Kukweza kwake kwa pa turn sikunali misala tsono, koma kuopseza kwa munthu amene ali ndi pothawira. Ndipo khadi lomwelo linapatsa Moneymaker nkhani yomveka yoti anene, yakuti flush yafika, nkhani imene Farha sakanatha kuitsutsa popanda kuika moyo wake wonse wa mumpikisano pa peyala imodzi. Sitiyenera kumuweruza mwankhanza pa kutaya kwake. Sunga khosi mkanda uoneka ndi mwambi umene wapulumutsa osewera ambiri pa river yotere, pakuti ochuluka amene amakweza pa turn nakankha zonse pa river amakhala ali nacho chimene akunena. Chimene tiphunzira kwa iye nchakuti funso lovuta la kumapeto limabadwa kawirikawiri pa khadi laulere la kuchiyambi.

Pa river palibenso khadi loyembekezera, ndipo kuwerenga kumatsala kumodzi. Mnzanu akabetcha theka la mulu, muyenera kukhala wopambana kamodzi pa kanayi kuti kuvomera kukupindulireni. Akabetcha mulu wonse, kamodzi pa katatu. Tsono musadzifunse ngati makhadi anu ali amphamvu, pakuti funso limenelo linatha ntchito pa flop. Dzifunseni kuti munthu uyu, monga mwamuonera madzulo onse, angachite zimene wachitazi ndi makhadi ati, ndipo mwa iwo ndi angati amene inu mukuwaposa. Ngati ali munthu wofatsa, wozolowera kuvomera osakweza, ndipo lero wakweza pamene khadi lachitatu la fuko limodzi lagwa, mukhulupirireni, ngakhale mutagwira set ya ma King. Ngati ali wokonda kuopseza, ndipo Ace ya fukolo siili pabwalo kapena m'manja mwanu, kumbukirani kuti Ace imeneyo yokha, yopanda inzake, ndilo khadi limene akatswiri amaopsezera koposa, chifukwa mwini wake adziwa kuti inu simungakhale ndi flush yaikulu. Kwa munthu wotere muyenera kuvomera nthawi zina, podziwa kuti mudzaluza kawiri pa katatu ndi kupindulabe. Ndipo pamene inu muli ndi makhadi abwino koma osafika pa flush, bwalo lili ndi atatu okha a fukolo, mnzanu n'kudutsa kawiri, musaope kubetcha ndalama yapakati, pakuti wa flush sakanakhala chete nthawi yonseyo, ndipo wa peyala adzakulipirani.

Ndiyenera kunena mosabisa kuti nambala zonsezi zimalankhula za maulendo ambirimbiri, osati za usiku umodzi. Set imene ipambana 7 pa 10 imagonja 3 pa 10, ndipo atatuwo angathe kubwera motsatizana kwa munthu amene sanalakwe kanthu. Kuonjezera apo, nyumba ya njuga imatapa kachigawo pa mulu uliwonse, kotero kuti anthu a luso lofanana akasewera nthawi yaitali, onse amatuluka ndi zochepa kuposa zimene analowa nazo. Pa chifukwa chimenechi ndalama ya chakudya cha ana, ya lendi kapena ya sukulu isafike patebulo, pakuti ngakhale wowerenga bwino koposa sangalamule khadi likudzalo, ndipo munthu wosewera ndi ndalama imene sangathe kuitaya amagwa m'mantha ndi m'liuma momwe, masamu onse nawaiwala.

Kwa inu owerenga amene mufuna kuti zimenezi zikhazikike m'mutu, pempho langa ndi ili. Tengani paketi ya makhadi ndi mbale ya nyemba, muitane mnzanu mmodzi. Yalani King, 9 ndi 4 a mitima pabwalo, mudzipatse ma 9 awiri, mnzanuyo mumupatse Ace ya mitima ndi Queen ya makalabu, ndipo mugawe turn ndi river maulendo 100, mukusakaniza bwino nthawi iliyonse ndi kulemba wopambana. Mukatha, tengani ma Ace awiri akuda, iye atenge 8 ndi 7 a mitima, mugawenso. Kenaka sinthani Ace imodzi ikhale ya mitima, mugawe kachitatu, ndipo muyerekeze zimene mwalembazo ndi nambala za m'mutu uno.